Makina Amene Ankati Asunga

Tiyanjane ndi Kondwani, ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chimene ndinasiyira ntchito zaka zopuma zisanakwane, ndipo nthawi zonse ndimakuyankhani kuti maso anatopa. Maso anatopadi, koma chifukwa chenicheni si chimenecho. Za ubwana wanga kuno ku Namitete azakhali anu akhoza kukuuzani bwino kuposa ine. Ine ndiyambira pamene ndinalowa ntchito.

Chaka chimene ndinakwatira mayi anu

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa malo ena ofufuza za ulimi m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji. Ndinkalemba kulemera kwa chimanga ndi mtedza zochokera m'minda yoyesera. Ofesi yonse inali ndi kompyuta imodzi, yofunditsidwa nsalu yoluka, ndipo kiyi wa chipinda chake ankayenda naye m'thumba abwana athu, a Gondwe. Anali munthu wouma pakamwa, wosaseka kawirikawiri. Ukawauza kuti makina avuta chifukwa cha chakuti, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Mwaona ndi maso anu, a Mbewe, kapena mukungoganiza?" Ukati ukuganiza, ankakubweza. Ndinkadana nawo miyezi yoyambirira, koma ndi iwo amene anandipatsa kiyi uja Loweruka lina, pamodzi ndi madisiki amene mlendo wina anasiya, nati ndidziphunzitse ndekha bola ndisaphe makina.

M'madisikimo munali pulogalamu yaulere imene anthu a m'maiko ambiri amalembera limodzi, aliyense kuwonjezapo dzanja lake. Ndi mmene ndinadziwira kuti mkatikati mwa kompyuta muli pulogalamu imodzi yoyendetsa zina zonse, imene timaitcha kenelo. Imeneyi ndiyo imalandira zimene mwalemba, kuzipititsa kosungira, ndi kugawira mapulogalamu ena nthawi yogwirira ntchito. Koma kenelo siidziwa chipangizo chilichonse cha pa dziko lapansi. Mukalumikiza chipangizo chachilendo, mumailowetsera kachigawo kapadera kodziwa kulankhula ndi chipangizocho. Kachigawoko timakatcha modyulo. Kamalowa makina ali chiyakire, ndipo kamathanso kutulutsidwa makina osazima. Sungani mawu awiriwa, chifukwa moyo wanga wa pa ntchito unathera pakati pa kenelo ndi modyulo.

Ndinakhala pa malo aja zaka zambiri. Magetsi ankathima, zipangizo zikaonongeka tinkadikira nyengo yonse ya dzinja, mapepala osindikizira tinkawagwiritsa ntchito mbali zonse ziwiri. Koma inali ntchito yopanda misozi. Nambala ya chimanga ikasowa, tinkapita kukayezanso.

Zaka za ku Nsaru, Kondwani ali ku sekondale

Bungwe lina linayamba kuika makompyuta m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi, ndipo linkafuna munthu wodziwa makina amene angalole kukhala kumudzi. Anzanga a m'tauni anakana. Ine ndinavomera mokondwa, popeza kunali kufupi ndi kwathu. Anandipatsa nyumba ku Nsaru ndi njinga yamoto, kuti ndiziyang'anira zipatala za mbali ya Kabudula mpaka Nambuma. Abwana anga anali a Mwale, amene ankakhala mu Lilongwe n'kumabwera kamodzikamodzi pa galimoto yoyera. Sanali munthu woipa. Ankangoopa kwambiri anthu amene ankapereka thandizo la ntchitoyo.

Kagwiridwe kake kanali kotere. M'chipinda chilichonse cha chipatala munali kakompyuta koyendera mabatire a dzuwa. Namwino kapena kalaliki akalemba za wodwala, uthenga unkakwera pa mlongoti, wailesi n'kuutumiza ku kompyuta yaikulu yosunga zonse. Zikayenda, zinkayenda bwino ndithu. Mzere wa anthu odzatenga mankhwala otalikitsa moyo, umene kale unkafika masana, unkatha dzuwa lisanawawe. Pa chipatala china chakutali, chimene sindichitchula dzina, kalaliki wake a Zimba ankapukuta makina awo ndi mpango wawo wa m'thumba m'mawa uliwonse. Namwino wamkulu, Mayi Chatha, anachotsa mabuku akuluakulu pa tebulo n'kuwaika pamwamba pa kabati.

Pa Nsaru pomwepo panali a Lufeyo, omata matayala pansi pa mtengo wa kesha. Misewu ya kumeneko imadya matayala, choncho ndinkakhala pa benchi yawo pafupifupi sabata iliyonse. Ankalimanso fodya pang'ono kumudzi kwa akazi awo, kufupi ndi chipatala chija, ndipo mankhwala awo otalikitsa moyo ankatengera kumeneko. Sankabisa. Ankati, "Ine ndimamwa anga m'mawa ngati tiyi, a Mbewe. Makina anu aja amandidziwa dzina ndisanakhale n'komwe pansi."

Vuto linayamba m'chilimwe china. Makina a pa chipatala chija ankangoti zii pakati pa ntchito, osayankha kanthu, kenako n'kudzuka okha. Choopsa chinali chakuti asanati zii ankalemba kuti asunga, pamene uthengawo sunafike kosungira. Ndinasintha mawaya, mabatire, ngakhale wailesi imene. Vuto linkachoka sabata ziwiri n'kubwerera, ndipo kenako linayamba kuonekeranso pa zipatala zina. Mtima unkandiuza kuti lili mu modyulo ya wailesi, koma mawu a a Gondwe ankandibwerera. Ndinali ndisanaone ndi maso. Kampani imene inapanga mawailesiwo inali itatseka, ndipo panalibe woti n'kumufunsa.

Pali zida zolondolera zimene kenelo ikuchita makina akugwira ntchito, monga mmene munthu amalondolera mapazi a ng'ombe yosowa. Zidazi zimatha kutero chifukwa kenelo imanyamula ndandanda ya maonekedwe a zinthu zake, chilichonse ndi nambala yake. Chida chikatchula nambala, kenelo imachiuza kuti m'chinthu ichi, apa pali kukula kwa uthenga, apa pali kumene ukupita. Ndinalondola uthenga wa a Zimba kuchoka pa tebulo lawo, kudutsa mu kenelo, bwinobwino. Koma ukangolowa mu modyulo ya wailesi, mapazi ankathera pomwepo. Zinthu za mu modyulo m'ndandandamo munalibe, choncho chida changa chinkangoona manambala osanjikizana opanda tanthauzo. Ndinayesa njira yakale yoika mizere mu modyulomo kuti izinena yokha zimene ikuchita, koma mizereyo inkachedwetsa makina pang'ono, ndipo vuto linkabisala. Ndikaichotsa, linkatulukiranso.

Apa ndi pamene ndinaganiza zoti ndikonze njira yoti chida cholondolera chizitha kufunsa za zinthu za mu modyulo. Ndinali nditapitirira zaka makumi asanu, ndipo ndinali ndisanatumizepo ntchito yanga kwa akuluakulu osamala kenelo. Ndinkailemba Loweruka ndi masana a Lamulungu tikachoka ku tchalitchi, ndipo potumiza ndinkapita ku Mpingu kwa mnzanga amene intaneti yake inali yolimbako.

Yankho loyamba linachokera kwa munthu amene sindinaonepo nkhope yake, ndipo sindidziwa ngakhale dziko limene ankakhala. Anayamba ndi mawu akuti ayi. Anati nambala yokha siikwanira, chifukwa mamodyulo awiri akhoza kukhala ndi nambala imodzi yotanthauza zinthu zosiyana. Ananena zoona. Ndinakonza kuti nambala ya modyulo ndi ya chinthucho zipanikizane malo amodzi. Anatinso ayi, popeza mapulogalamu akale amene anazolowera kuwerenga malowo mwa njira ina angasokonezeke. Ndinapatula malo atsopano onenera modyulo. Anafunsa kuti nanga munthu akatulutsa modyulo chida chili mkati molondola, makina sagwa kodi? Ndinali ndisanaganizeko. Mzere uliwonse wa mafunsowa unkanditengera miyezi, chifukwa kuti ndiyese kamodzi kokha pankafunika magetsi a tsiku lathunthu, ndipo ku Nsaru tsiku lotero silinkabwera kawirikawiri. Mayi anu anamupatsa munthuyo dzina. Ndikafika kuchokera ku Mpingu ankandilandira chipewa n'kufunsa kuti, "Kodi a Ayi anu ayankha?"

Tsiku lina ndinamulembera mopsa mtima kuti kuno odwala akudikira, alandire kaye zimene zilipo, zotsala tidzakonza m'tsogolo. Anandiyankha mofatsa. Anati akumva chisoni ndi za odwalawo, koma khomo limene atsegule mu kenelo lero sangadzalitsekenso, chifukwa anthu osawerengeka adzamanga ntchito zawo podalira mmene lakhalira. Likapendekeka, lipendekeka mpaka kalekale. Ndinawerenga nditakhala pa khonde la mnzanga uja, ndipo ndinakwiya kwambiri, makamaka chifukwa ndinkadziwa kuti sakulakwa. Ndinayesako kuika ntchito yanga yosamalizayo pa makina oyeserera kunyumba, ndipo inagwetsa makinawo kawiri. Sindikanayerekeza kuiika pa chipatala.

Dzinja limene Tiyanjane anabereka mwana woyamba

A Lufeyo anayamba kuonda. Pomata tayala ankapumira pakati, ndipo pampu ankaipereka kwa mwini njinga kuti adzipopere yekha. Ndinawafunsa ngati akumwabe mankhwala.

"Sindinaphonyepo," anatero. "Anandiyezanso magazi kalekale. Anati pakakhala chovuta andiitana. Sanandiitane, ndiye kuti zili bwino, eti?"

Ndinavomera kuti ndi choncho. Sindinaganize kanthu, ndinali ndi changu chopita ku Nambuma.

Anagona pa mphasa mvula itangoyamba, ndipo pofika nthawi yopalira anali atatisiya. Patapita masiku angapo chichitikireni maliro, Mayi Chatha anandiitanira m'chipinda chawo n'kutseka chitseko. Anali atafufuza. Zotsatira za magazi a a Lufeyo zinabwera kale, zoonetsa kuti mankhwala aja anasiya kugwira ntchito m'thupi mwawo ndipo ankayenera kusinthidwa msanga. A Zimba anazilemba m'makina, makina anati asunga, ndipo pepala linapita m'katoni ya mapepala othana nawo. Kosungira kuja kunalibe kanthu. Mwezi uliwonse a Lufeyo akabwera, makina ankaonetsa munthu wabwinobwino, ndipo ankapatsidwa mankhwala omwe aja.

"Sindikukuimbani mlandu, a Mbewe," anatero Mayi Chatha. "Ndaona mmene mukuvutikira. Koma ndiuzeni, alipo angati ena otere?"

"Sindikudziwa, mayi."

"Nanga vutolo mwalipeza?"

"Ndikuganiza kuti lili mu wailesi."

"Mukuganiza," anatero. Kenako anakwera pa mpando, ngakhale anali a thupi lalikulu, n'kuyamba kutsitsa mabuku aja pa kabati. Fumbi linadzaza chipinda. Kuyambira tsiku limenelo ankalemba kawiri, m'makina ndi m'buku, ndipo mzere wa odwala unayambanso kufika masana.

Ndinakanena zonsezi ku ofesi. Tinafufuza mapepala a m'makatoni m'zipatala zonse, ndipo tinapeza anthu ena amene zotsatira zawo zinasowa. Amenewo anaitanidwa, ndipo ambiri anathandizidwa nthawi ikadalipo. Kenako a Mwale anabwera okha ku Nsaru. Sanalowe m'nyumba. Tinakhala m'galimoto yawo mvula ikuwaza pa galasi. Anati opereka thandizo akubwera kudzaona ngati ntchitoyi ipitirire, ndipo akufuna kumva kwa ine, woyang'anira makina, ngati makinawa ndi odalirika. Mawailesi a mtundu wina oti n'kufika kutali choncho analipo, koma bungwe linalibe mphamvu zowagula.

"Mukanena kuti vutoli likutha, atipatsa zaka zina," anatero. "Mumaliza chida chanu chija, mulipeza vuto, tonse tipuma. Mukanena kuti ndi osadalirika, achotsa makina onse a kumidzi kuno. Akalaliki onse apita kwawo. Inunso malo anu atha. Ganizani bwino, achimwene."

"Nanga akandifunsa kuti litha liti?"

"Muwauze kuti posachedwa. Kodi si zoona?"

Ine sindinkadziwa ngati zinali zoona. A Ayi anali atangonditumizira mafunso ena, ndipo ena mwa iwo sindinkadziwa poyambira. Ikanatha kukhala miyezi itatu, chikanathanso kukhala chaka ndi theka. Ndipo ngakhale chida chikanatha, panalibe chitsimikizo choti chikandionetsa vuto lotheka kukonza.

Sabata imeneyo sindinkadya bwino. Ndinkaganiza za a Zimba ndi ana awo a sukulu, za akalaliki ena amene ndinawaphunzitsa ndekha kugwira makina, za iwe Kondwani amene unali utangoyamba maphunziro a ukachenjede. Ndinkaganizanso za ine mwini, ndisakunamizeni. Makina akachotsedwa, sindikanakhalanso ndi wailesi ya pa mlongoti yoyesera, ndipo ntchito yanga ya zaka zonsezo ikanafera panjira. Ndinauza mayi anu zonse tikupalira m'munda wa kuseri kwa nyumba. Anamvetsera osaimitsa khasu. Pamapeto anati, "Abambo ake Tiya, ine za makina sindizidziwa. Koma si manamwino onse amene alemba kawiri ngati Mayi Chatha. Ena atopa."

Tsiku la msonkhano ndinavala jekete langa la ku tchalitchi. Alendo anali atatu, aulemu, ndipo anandifunsa funso lomwe lija. Ndinawauza kuti makinawa nthawi zina amati asunga pamene sanasunge, kuti sindidziwa chifukwa chake, kuti sindidziwa tsiku limene ndidzadziwe, ndipo kuti ine sindingalole m'bale wanga kudalira makina amenewa. A Mwale anayang'ana pansi nthawi yonseyo. Potuluka anandigwira dzanja osandiyang'ana, nati, "Mwatipha, a Mbewe." Sanandidane, ndipo pa maliro a agogo anu anabwera, koma sitinachezenso ngati kale.

Makina anachotsedwa nthawi yokolola. Ntchito yowazula anandipatsa ine ndemwe, popeza ndi ine ndinkadziwa pamene waya aliyense anadutsa. Pa chipatala chija a Zimba anandithandiza kunyamula mpaka m'galimoto. Titamaliza anati, "Mukanadikira pang'ono, bambo. Ine ndikanalemba kawiri, ngakhale katatu." Ndinawauza kuti ndikudziwa. Anabwerera kwawo kukalima fodya, ndipo tikakumana pa msika amandipatsa moni wa patali. Sindiwaimba mlandu. Mpaka lero sindinganene motsimikiza kuti ndinasankha bwino. Mabuku nawonso amasowa, amanyowa, amadyedwa ndi chiswe, ndipo mizere ya m'zipatala zija inabwerera mwakale. Mwina pali anthu amene anatopa ndi kudikirako n'kusiya kubwera. Amenewo palibe amene anawawerenga.

Ndinapita ku Mpingu komaliza kukalembera a Ayi kuti ndasiya, ndilibenso poyesera, aliyense wofuna atenge zimene ndinalemba. Anayankha mizere iwiri. Anathokoza, nati vuto limene ndinaona ndi lenileni ndipo tsiku lina wina adzalimaliza. Mayi anu atamva anati, "Lero lokha sananene ayi."

Nditabwerera kuno ku Namitete

Zotsalazi iwe Kondwani ukuzidziwa, koma Tiyanjane sanazimve bwino. Patapita zaka zingapo, maso anga atayamba kale kuchita nkhungu ndi matenda a shuga, unabwera pa tchuthi ndi laputopu yako n'kundiuza kuti anthu ena anamaliza ntchito ija. Chida cholondolera tsopano chimatha kufunsa za zinthu za mu modyulo. Unandiwerengera mmene anachitira, ine nditakhala pa mpando wa ndalema. Zina zinali zofanana ndi maganizo anga, zina anazichita mwanzeru kuposa mmene ine ndikanachitira. Dzina langa munalibe, ndipo sindinadandaule, chifukwa anayambira paokha. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti tsopano zinali zotheka kuona. Pankangofunika wailesi imodzi ya mtundu uja, tiiyatse pa dzuwa, tiitumizire mauthenga mpaka makina ati zii, tione ndi maso.

Unabwereka galimoto ya mnzako. Tinapita kumene tinasiya katundu uja, m'chipinda cha kuseri kwa ofesi yakale ku Nsaru. Njira yonse ndinkalankhula ngati mnyamata, kukufotokozera malo atatu mu modyulo amene ndinkawakayikira. Ofesi tinaipeza itasanduka sitolo ya feteleza. Mlonda, bambo wachikulire amene sanandidziwe, anatitsegulira chipinda chija. Munali matumba opanda kanthu ndi njinga yothyoka. Anati denga linkadontha, zitsulo zinachita dzimbiri, ndipo eni nyumba anaitana ogula zitsulo zakale, amene anatenga zonse pa ngolo.

"Zonse?" ndinafunsa. "Palibe ngakhale imodzi?"

Anaganiza pang'ono, kenako anatitsogolera kuseri kwa khitchini yake. Pansi pa chitsa panali chibokosi chotuwa cha wailesi, chimene ndinachizindikira ndi manja ndisanachione bwino, chifukwa mabowo a m'mbali mwake ndinaboola ndine. Mkati munalibe waya ngakhale mmodzi. Munali udzu, ndi nkhuku yofungatira mazira, imene inatiyang'ana n'kufufuma nthenga.

"Ngati n'chanu, bwana, tengani," anatero mlondayo. "Nkhukuyi ndiipezera pena."

Ndinamuuza kuti aisiye, mazira asazizidwe. Iwe unafunsafunsa kwa anzako a m'tauni miyezi ingapo, ngakhale kunja, koma wailesi za mtundu umenewo palibe amene anasunga.

Choncho, ana anga, chimene chinkachitika mkati mwa modyulo ija sindinachione, ndipo sindidzachionanso. Anthu akandifunsa ku tchalitchi kuti ndinkagwira ntchito yanji, ndimati ndinkakonza makompyuta a m'zipatala, iwo n'kugwedeza mutu mwaulemu. Inu nokha dziwani kuti amene anali ofunika kwambiri sindinawakonze. Ndinangowazula, n'kuwanyamula ndi manja anga kukawaika m'chipinda chodontha.